Duwa la ku Lichinga likasintha mtundu, funsani nthaka

LICHINGA — Mwezi wa Okutobala ukafika, mitengo ya jakaranda ya m'misewu ya Lichinga imavala pepo, ndipo maluwa ake amathothokera pansi mpaka oyenda pansi amachita kuwaponda. Mvula ikayamba, nthawi imakhala ya maluwa a m'mabwalo a nyumba. Mlendo wochokera ku Mandimba, ku Ngauma, ku Mecanhelas kapena kunyanja ku Metangula sabwerera chimanjamanja. Wina amapempha kanthambi kwa alamu ake, wina amagula kamtengo ka m'chitini, n'kukwera nako chapa ali wosangalala.

Mavuto amayamba chaka chotsatira. Duwa limene linali la buluu ku Lichinga limatuluka lofiirira kumudzi. Njere zimene zinatengedwa pa duwa lofiira zimabala maluwa oyera, achikasu ndi amawangamawanga. Mayi amene anataya ndalama zake amati wogulitsa anamupusitsa. Apongozi amati anapatsidwa dala nthambi ya mtengo wina. Kwina nkhani imafika poipa, anthu n'kuyamba kulozana zala kuti wina anapondapo usiku.

Nthawi zambiri palibe amene ananama, ndipo palibe amene anapondapo. Zimene zimasintha mtundu wa duwa n'zodziwika: nthaka, mungu, msinkhu wa duwalo, kumezanitsa ndi matenda. Zinthu zisanu zomwezi zimagwiranso ntchito m'munda wa chimanga, wa nyemba, wa kachewere ndi wa chinangwa. Choncho nkhaniyi ikukhudza aliyense wogwira khasu.

Mzinda wa pamwamba

Lichinga anakhazikitsidwa ndi Apwitikizi mu 1931 ndi dzina la Vila Cabral, ndipo anatenga dzina la lero pambuyo pa ufulu wa 1975. Mzindawu uli pamwamba, mamita opitirira 1,300 kuchokera pa mlingo wa nyanja ya mchere, pamene nyanja ya Niassa ili pafupifupi mamita 500. Mu Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri usiku. Mvula imagwa yambiri, mamilimita opitirira 1,000 pa chaka. N'chifukwa chake mitengo ya paini, kachewere ndi nyemba zimachita bwino kuno, pamodzi ndi maluwa amene amafota msanga m'madera otentha.

Nthaka yambiri ya kuno ndi katondo wofiira, wakale kwambiri. Mvula ya zaka zosawerengeka yakhala ikutsuka michere ina ya m'nthakayi, makamaka laimu wachilengedwe, n'kuisiya yowawasa. Akatswiri amati nthaka yotere ili ndi asidi, ndipo amaiyeza pa muyeso wotchedwa pH. Nambala 7 ndiye pakati. Nambala ikamatsika, nthaka ikunka niwawasa.

Ortensiya, duwa louza zoona

Duwa limene limayambitsa mikangano yambiri ndi limene Apwitikizi amalitcha hortênsia. Kwawo ndi ku Japan. Ndi chitsamba cha masamba aakulu, chimene chimabala mitu ya maluwa yaikulu ngati chibakera kapena kuposa, makamaka nthawi ya Khrisimasi. Chimakonda malo ozizira, a mthunzi ndi a chinyezi.

Mu nthaka muli aluminiyamu, chitsulo chomwe chija amapangira mapoto. Nthaka ikakhala yowawasa kwambiri, pH yake itatsika kuchepera 5.5, aluminiyamuyo amasungunuka m'madzi a m'nthaka. Mizu ya ortensiya imamukoka, amakwera mpaka ku maluwa, n'kugwirana ndi utoto umene uli m'menemo. Pamenepo duwa limakhala la buluu. Nthaka ikakhala yosawawasa, pH itakwera kupitirira 6.5, aluminiyamu amamangika, mizu simupeza, ndipo duwa limakhala lofiirira. Pakati pa nambala ziwirizi mumatuluka pepo, ndipo nthawi zina chitsamba chimodzi chimabala mitundu iwiri chifukwa mizu yake ili m'nthaka yosiyana mbali ziwirizo.

Tsopano taganizirani malo amene duwa lochokera ku Lichinga limabzalidwa likafika kumudzi. Ena amalibzala kuseri kwa khitchini, pamene amataya phulusa m'mawa uliwonse. Ena amalibzala pafupi ndi dzala. Ena amaliika m'mphepete mwa khonde la simenti kapena pansi pa khoma lopakidwa laimu. Phulusa, simenti ndi laimu zonse zimachotsa kuwawasa kwa nthaka. Feteleza wokhala ndi fosifeti wambiri nayenso amamanga aluminiyamu. Chitsamba ndi chomwe chija, koma chakudya cha mizu yake chasintha.

Wofuna kuti buluu abwerere azule chitsambacho pa phulusapo, achibzale m'chitini chachikulu chodzaza katondo wa kumunda kumene sikunatenthedwe, wosakaniza ndi masamba owola, ndipo azithirira madzi a mvula. Asayembekezere kuti mawa lake chisintha. Pamafunika nyengo yathunthu, nthawi zina ziwiri. Wofuna lofiirira azithira phulusa pang'ono. Koma ortensiya woyera amakhala woyera basi, chifukwa alibe utoto woti usinthe. Masamba a chitsambachi ali ndi poizoni, choncho ana ndi mbuzi asamachiyandikire.

Zimene duwa likuuza mlimi

Apa ndi pamene nkhani ya maluwa ikulowa m'nkhokwe. Aluminiyamu amene amakongoletsa ortensiya ndi mdani wa chimanga ndi nyemba. Amawotcha nsonga za mizu. Mizu imakhala yaifupi ndi yonenepa, silowa pansi, ndipo ng'amba ikachitika kwa masabata awiri mbewu zimafota msanga. Nthaka yowawasa imamanganso fosifeti wa m'feteleza, moti mlimi amathira thumba lodula koma mbewu zimangodya gawo lochepa.

Alimi amadziwa kale mbali ya nkhaniyi. Pamalo pamene panatenthedwa mulu wa zinyalala, chimanga chimakula chobiriwira kuposa chinzake. Abemba a kumpoto kwa Zambia anamanga ulimi wawo wa chitemene pa nzeru yomweyi: kudula nthambi, kuziunjika, kuzitentha ndi kubzala paphulusa. Koma kutentha kumatha mitengo ndi manyowa a m'nthaka, ndipo mphamvu ya phulusa sikhalitsa. Njira yosawononga ndi kusunga phulusa la kukhitchini pouma, kulimwaza mopyapyala m'munda wa nyemba, kuthira manyowa a ziweto, ndi kugwiritsa ntchito laimu waulimi kumene amapezeka.

Pali chenjezo limodzi. Kachewere amapirira nthaka yowawasa, ndipo phulusa kapena laimu zikachuluka m'munda wake zimakulitsa matenda a nkhanambo pakhungu la mbatatayo, n'kugwetsa mtengo pamsika. Komanso duwa limodzi limangonena za nthaka imene mizu yake yafika, osati munda wonse. Ku Lichinga kuli malo ofufuzira zaulimi a bungwe la boma la IIAM, kumene amayesa mitundu ya nyemba, kachewere ndi chimanga, ndipo m'boma lililonse muli alangizi pa ofesi ya SDAE. Safunsa anadya phula.

Utoto wa m'maluwa

Maluwa ambiri ofiira, a pepo ndi a buluu amatenga mtundu wawo ku utoto umodzi wotchedwa anthocyanin. Aliyense angauone kunyumba. Wiritsani chidede mpaka madzi afiire, muwagawe m'makapu awiri. M'kapu yoyamba finyiranimo ndimu: madzi amafiira kowala. M'kapu yachiwiri thiranimo chidulo: madzi amada n'kupita kobiriwira. Utoto ndi umodzi, koma umaoneka mosiyana malinga ndi chimene wakumana nacho. Ortensiya amachita mosemphana ndi kapuyo, chifukwa chimene chimakwera ku maluwa ake ndi aluminiyamu, osati kuwawasa kwenikweniko.

Utoto womwewu umachuluka kukazizira. N'chifukwa chake rozi wofiira kwambiri ku Lichinga amaoneka wotuwa akabzalidwa kunyanja, kumene dzuwa limawotcha ndipo usiku kumatentha.

Maluwa achikasu ndi a mtundu wa lalanje, monga duwa la dzungu, ambiri amatenga mtundu wawo ku utoto wina wa gulu la karotini. Umenewu susintha ndi phulusa. Ndi umene uli m'kati mwa mbatata ya kholowa yofiira m'kati, ndipo thupi la munthu limausandutsa vitamini A, amene amateteza maso ndi thanzi la ana. Maria Andrade, katswiri wochokera ku Cabo Verde amene wagwira ntchito yofalitsa mbatata imeneyi mu Mozambique, anali mmodzi mwa anayi amene analandira mphotho ya World Food Prize mu 2016.

Mungu ndi njuchi

Chifukwa chachiwiri ndi mungu. Njere ndi mwana wa makolo awiri. Mayi ndi duwa limene njereyo yatengedwapo, ndipo aliyense amaliona. Bambo ndi mungu umene njuchi, gulugufe kapena mphepo yabweretsa, ndipo palibe amene amadziwa kumene wachokera.

Munthu woyamba kuwerengera bwino zimenezi anali wansembe Gregor Mendel wa ku Brno, m'dziko limene lero ndi Czech Republic. Pakati pa 1856 ndi 1863 anabzala nsawawa m'dimba la nyumba ya ansembe. Anakwatitsa za maluwa a pepo ndi za maluwa oyera. Ana onse anatuluka a pepo. Koma atabzala njere za anawo, kuyera kunabwerera: mbewu 705 zinali za pepo, 224 zoyera, kutanthauza kuti pa zinayi zilizonse imodzi inali yoyera. Kuyerako sikunafe, kunangobisala mbadwo umodzi, monga mwana amabadwa wofanana ndi agogo ake osati bambo ake. Mendel anafalitsa zimene anapeza mu 1866, koma anthu sanazisamale mpaka 1900.

Mmodzi mwa amene anazivumbulanso chaka chimenecho anali Carl Correns wa ku Germany. Iye anaphunzira duwa limene limamera m'mabwalo ambiri a m'midzi yathu, lija limatsegula madzulo cha m'ma 4 koloko, la njere zakuda zokhala ngati tizitosi ta mbuzi. Apwitikizi amalitcha boas-noites. Lofiira likakwatirana ndi loyera, ana amakhala ofiirira. Njere za ana amenewa zimabala mitundu itatu: pa zinayi zilizonse, imodzi yofiira, ziwiri zofiirira, imodzi yoyera. Wogulitsa amene anatola njere pa duwa lofiirira sananame ponena kuti ndi lofiirira. Njere zake zili ndi poizoni, ana asamaseweretse pakamwa.

Lamulo lake ndi losavuta. Wofuna mtundu womwewo asatenge njere. Atenge nthambi, muzu kapena mbatata ya duwalo, chifukwa chodulidwa si mwana, ndi chomera chomwecho chimene chapitirira kukula pamalo ena. Ndi mmene alimi amachitira ndi chinangwa ndi kholowa.

Chimanga chimaonetsa nkhani ya mungu poyera kuposa duwa lililonse. Mungu umachoka kungayaye, mphepo imautenga, n'kukautera pa ndevu za chimanga cha munda wina. Ndevu iliyonse ndi njere imodzi. Mnansi akabzala chimanga chachikasu, maso achikasu amaoneka pa chisononkho choyera chaka chomwecho. Achikulire amene analandira chimanga chachikasu cha thandizo pa chilala cha 1992 ndi kubzalako pang'ono amakumbukira zisononkho zosakanizika za zaka zotsatira. Wosunga mbewu ya makolo asankhe zisononkho za pakati pa munda, kutali ndi malire. Wobzala haibulidi adziwe kuti njere zimene wakolola zili ngati adzukulu a nsawawa za Mendel: zikabzalidwanso zimatuluka zosiyanasiyana, zazitali ndi zazifupi, ndipo zokolola zimatsika.

Nyemba zimasiyana ndi chimanga chifukwa duwa lake kawirikawiri limadzipatsa mungu lokha, choncho mtundu umakhalitsa. Komabe maluwa amathandiza mlimi. Munda wa nyemba kapena wa kachewere ukachita maluwa, phesi la maluwa a pepo pakati pa oyera limaulula kuti mbewu inasakanizika. Wokonza mbewu yogulitsa amazula lachilendolo nthawi imeneyo, kapena kulimangirira kansalu kuti alikolole palokha.

Nanga duwa limodzi lokhala ndi mizere iwiri, kapena diso limodzi la chimanga lokhala ndi timadontho? Barbara McClintock wa ku America anathera zaka zambiri akuyang'ana maso a chimanga otere. Anapeza kuti tizidutswa tina ta chibadwa cha chomera timadumpha kuchoka pamalo ena kupita pena, n'kutseka kapena kutsegula utoto m'mbali zina zokha. Anzake anachedwa kumukhulupirira, koma mu 1983 analandira mphotho ya Nobel.

Msinkhu wa duwa

Chifukwa chachitatu alimi a thonje a ku Cuamba amachidziwa bwino. Duwa la thonje limatsegula m'mawa lili loyera mopita kuchikasu. Mawa lake limakhala lofiirira, kenako limagwa n'kusiya kabulu ka thonje. Munda umodzi umaoneka ngati muli mitundu iwiri, pamene ndi maluwa a lero ndi a dzulo.

Lantana, chitsamba cha timinga chimene chadzaza m'mphepete mwa misewu ndi mitsinje, chimachita chimodzimodzi. Timaluwa tatsopano timakhala tachikasu pakati pa mutu. Tikalandira mungu timafiira. Agulugufe amaphunzira kuti timadzi totsekemera tili pa tachikasu, ndipo sataya nthawi pa tofiira. Koma chitsambachi, chimene chinachokera ku America ngati duwa lokongoletsa pakhomo, chasanduka udzu woipa. Chimalanda msipu, ndipo ng'ombe zikadya masamba ake chiwindi chimawonongeka, khungu n'kumasupuka padzuwa. Chisabzalidwe ngati mpanda pafupi ndi khola.

Buganviliya, imene imayanga pamipanda, ili ndi nkhani yakeyake. Kwawo ndi ku Brazil, ndipo dzina lake linachokera kwa woyendetsa sitima za pamadzi wa ku France, Louis Antoine de Bougainville. Zimene anthu amaziona zofiira kapena za pepo si maluwa enieni, ndi masamba opyapyala ngati pepala ozungulira kaduwa kakang'ono koyera. Masambawa amasuluka akamakalamba. Nthawi zina nthambi imodzi imasintha chibadwa payokha n'kubala oyera pa mtengo wa pepo. Nthambi imeneyo ikadulidwa ndi kubzalidwa, kawirikawiri imasunga mtundu watsopanowo, ndipo mitundu yambiri yogulitsidwa lero inayamba motero.

Kumezanitsa

Chifukwa chachinayi chimapweteka kwambiri thumba. Rozi wabwino nthawi zambiri amamezanitsidwa pa tsinde la rozi wina wolimba koma wosakongola, monga lalanje limamezanitsidwira pa mandimu, kapena mango a mtundu pa mango wamba. Pamalo pamene awiriwo anakumana pamakhala chotupa. Mphukira yotuluka pansi pa chotupacho ndi ya tsinde, ndipo imakula mwamphamvu kuposa ya pamwamba. Mwini akaisiya, imalanda chakudya chonse, nthambi yabwino imauma, ndipo patapita zaka ziwiri chitsamba chimabala timaluwa tina tosadziwika. Moto wolusa kapena mbuzi zikawononga mutu wa kamtengo, zotsatira zake ndi zomwezo. Ambiri amene amadandaula kuti anagula lalanje koma akukolola mandimu anagwa m'mbuna imeneyi. Mankhwala ake ndi mpeni: mphukira iliyonse ya pansi pa chotupa ichotsedwe ikadali yanthete.

Kukongola kwa matenda

Chifukwa chachisanu ndi matenda. Kale ku Netherlands anthu anapenga ndi duwa lotchedwa tulip, makamaka lokhala ndi mizere ngati malawi a moto. Mitengo yake inakwera mpaka mbatata imodzi ya duwalo inkagulidwa pa mtengo wa nyumba, ndipo mu Febuluwale 1637 malondawo anagwa mwadzidzidzi. Zinatenga zaka pafupifupi 300 kuti chifukwa cha mizereyo chidziwike. Mu 1928 Dorothy Cayley wa ku England anaonetsa kuti ndi matenda opatsirana, a kachilombo ka vairasi. Matendawa amafalitsidwa ndi nsabwe za zomera. Duwa lodwalalo linkakongola, koma linkafooka chaka ndi chaka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anthu a kunyanja, amene nsima yawo ndi kondowole, ali ndi chitsanzo pafupi. Masamba a chinangwa akachita mawanga achikasu ndi kupindika, limenelo ndi khate la chinangwa. Limafalitsidwa ndi tintchentche toyera, komanso ndi manja a mlimi amene wadula mbewu pa mtengo wodwala. Duwa la pakhomo nalonso likayamba mawanga amene linalibe, masamba n'kumakwinyika, chomera n'kupinimbira, lisagawidwe kwa abale. Lizulidwe ndi kutenthedwa. Kunyamula zodula zotere kuwoloka nazo malire pa Mandimba ndi Chiponde ndi kunyamula matenda kupita nawo kwa anansi.

Pogula

Wogula duwa ku Lichinga angapewe mkangano ndi zinthu zochepa. Agule kamtengo kali ndi duwa kale, kuti aone ndi maso ake. Afunse ngati kanachokera ku njere kapena ku nthambi. Ayang'ane patsinde ngati pali chotupa cha kumezanitsa, ndipo pobzala asachikwirire. Atembenuze masamba kuona ngati pansi pake pali nsabwe. Ayang'anenso nthaka ya m'chitinimo, aiyerekeze ndi ya kwawo.

Wogulitsa nayenso ali ndi udindo. Kuuza wogula kuti ortensiya amatsata nthaka, ndi kuti njere sizilonjeza mtundu, sikuthamangitsa kasitomala. Kumamubweza chaka chamawa.

Ndipo mayi amene duwa lake la buluu latuluka lofiirira, asanakwere chapa kukafunsa ndalama zake, ayambe wazungulira kuseri kwa nyumba kukaona pamene ana amataya phulusa. Akapeza kuti ndi pomwepo, duwalo lamuuza chinthu chothandiza: phulusa lake lili ndi mphamvu, ndipo malo ake oyenera ndi m'munda wa nyemba.